Omenyera ufulu akapyola malire, tiwadzudzule ndi mawu otani?

Funso: Ndine mphunzitsi ndipo ndimakonda kutsatira ndale za mayiko osiyanasiyana. Pa Facebook ndi pa X ndimakumana ndi mawu monga "woke", "cancel culture", "extremist" ndi "agitator". Amawagwiritsa ntchito anthu otopa ndi omenyera ufulu amtopola, aja otukwana, oopseza ndi otseka anzawo pakamwa. Inenso khalidwe limenelo silindisangalatsa. Kodi mawuwa amatanthauza chiyani kwenikweni, ndipo ndingawagwiritse ntchito popanda kuoneka ngati mdani wa ufulu wa anthu?

Yankho: Aphunzitsi, zimene mukuonazo si maloto. Alipodi anthu amene amayamba ndi nkhani yabwino, monga kuthetsa tsankho kapena kuteteza chilengedwe, koma poimenyera amafika poopseza anzawo, kuwayalutsa, kuwachotsetsa ntchito kapena kuwakuwiza mpaka alephere kulankhula. Wodana ndi zimenezo sakudana ndi ufulu. Komabe mawu amene mwatchulawo sali ofanana. Ena amaloza chinthu chimene munthu wachita, chimene mboni ikhoza kuchitsimikiza kapena kuchikana. Ena saloza kanthu, amangomata dzina pa munthu kapena pa gulu lonse kuti omvera aleke kulimvetsera. Oyambawo muziwagwiritsa ntchito mopanda mantha. Achiwiriwo ndi amene afala kwambiri pa intaneti, ndipo mbiri yawo si yabwino.

Ndiyambe ndi akale kwambiri. "Agitator" ndi munthu wokolezera chisokonezo, ndipo kawirikawiri amawonjezerapo kuti ndi wochokera kunja. Mawuwa amabisa ganizo lakuti eni dera analibe dandaulo lililonse mpaka mlendo atabwera kudzawauzira zoipa. Mu Epulo 1963, Martin Luther King Jr. atamangidwa mumzinda wa Birmingham m'chigawo cha Alabama ku America, atsogoleri achipembedzo 8, onse azungu, analemba chikalata chonena kuti zionetsero za anthu akuda zinali zopanda nzeru, zosayenera panthawiyo, ndiponso zotsogoleredwa mwa zina ndi anthu ochokera kunja kwa mzindawo. Atsogoleriwa sanali zigawenga za Ku Klux Klan, gulu la azungu lozunza anthu akuda, ayi. Anali anthu odziona ngati odekha, ofuna bata. King anawayankha ali m'ndende, m'kalata ya pa 16 Epulo. Anati anaitanidwa ndi anthu a mumzindawo, ndipo anabwera chifukwa kumeneko kunali kupanda chilungamo. Dzina lakuti "extremist", kutanthauza wonyanyira, sanalikane, koma anafunsa kuti kunyanyirako n'kwa chikondi kapena kwa chidani. Anafika ponena kuti chopunthwitsa chachikulu si mzungu wachidani koma mzungu wodekha amene amakonda bata kuposa chilungamo, amene amangoti dikirani kaye. Wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, ndipo wouza mnzake kuti adikire nthawi zambiri amakhala amene sizikumupweteka. Chaka chotsatira, mu 1964, dziko la America linakhazikitsa lamulo lothetsa tsankho m'malo opezekamo anthu onse ndi pantchito.

Mukamva munthu akutchedwa wonyanyira, funsani kuti wanyanyira pa chiyani. Pali kunyanyira pa zimene munthu akufuna, ndipo pali kunyanyira pa njira imene akuzifunira. Zinthu ziwirizi anthu amazisakaniza, nthawi zina mwadala. Wofuna kusintha kwakukulu koma akuguba mwamtendere ndi wosiyana kutalitali ndi wofuna kusintha pang'ono koma atanyamula mwala. Chingerezi chili ndi mawu ena, "radical", oloza wofuna kusintha zinthu kuyambira kumizu, ndipo pawokha sanena chilichonse chokhudza ziwawa.

Nkhani ya amayi a ku Britain ndi imene ndikufuna muiganizire kwambiri, chifukwa ikufanana ndi pamene inu mwaima. Amayi ofuna ufulu woponya voti anali m'magulu awiri akuluakulu. Lina linali la Millicent Fawcett, lokhazikitsidwa mu 1897, limene linkadalira misonkhano, zikalata zopempha ndi kukambirana ndi aphungu. Lina linali la Emmeline Pankhurst, lokhazikitsidwa ku Manchester mu 1903, limene linatopa ndi malonjezo osakwaniritsidwa. Mu 1906 nyuzipepala ya Daily Mail inatcha a gulu lachiwirili "suffragettes" pofuna kuwachepsa, koma iwo analitenga dzinalo n'kumanyadira nalo. Pofika 1912 anali kuswa magalasi a masitolo ku London, kenako kutentha nyumba, ndipo mu Febuluwale 1913 anaphulitsa bomba panyumba imene inkamangidwira David Lloyd George, nduna ya zachuma. Apa mtopola unali weniweni. Fawcett anadzudzula ziwawazo poyera, nati zikuwononga nkhani ya amayi, koma sanasiye kumenyera voti, ndipo sanagwirizane ndi amene ankati amayi sayenera kuvota. Amayi a zaka 30 kupita m'tsogolo okwaniritsa zofunika zina analoledwa kuvota mu 1918, ndipo mu 1928 anafanana ndi abambo. Akatswiri a mbiri amatsutsanabe ngati ziwawazo zinafulumizitsa kapena kuchedwetsa zinthu. Chimene sichitsutsika n'chakuti munthu akhoza kukana njira popanda kukana cholinga, ndipo Fawcett anatero pogwiritsa ntchito mawu oloza zochita: kuswa, kutentha, kuphulitsa.

Dzina lomata limaopsa kwambiri likalowa m'lamulo. Mu 1950 boma la tsankho la South Africa linakhazikitsa lamulo lothana ndi chikomyunizimu, koma tanthauzo la chikomyunizimu linatambasulidwa mpaka kuphatikiza aliyense wofuna kusintha ndale, chuma kapena kakhalidwe ka dziko kudzera m'chisokonezo. Kumapeto kwa 1952, Nelson Mandela, Walter Sisulu ndi anzawo anapezeka olakwa pa lamulo limeneli chifukwa chotsogolera anthu kuphwanya malamulo a tsankho mwamtendere. Dzina la Mandela linakhalabe pamndandanda wa boma la America wa anthu okayikiridwa uchigawenga mpaka 2008, patatha zaka 9 atapuma paupulezidenti. Ndimakumbukira zimenezi nthawi iliyonse ndikamva wandale akutcha ochita zionetsero kuti zigawenga.

Tsopano mawu a masiku ano, amene ambiri anabadwira ku America. "Political correctness" ndi kusamala kalankhulidwe mopitirira muyeso poopa kukhumudwitsa magulu ena. M'zaka za m'ma 1970 anthu ofuna kusintha zinthu ankawagwiritsa ntchito poseka anzawo a m'gulu lawo lomwe amene ankaumirira kwambiri chiphunzitso. Cha m'ma 1990 otsutsana nawo anawalanda, ndipo mu Meyi 1991 pulezidenti George H. W. Bush anawatchula polankhula payunivesite ya Michigan, nati khalidweli likuopseza ufulu wolankhula. "Social justice warrior" ndi dzina lonyoza womenyera chilungamo wa pa intaneti wokonda mikangano, ndipo linafala cha mu 2014. "Virtue signalling", mawu amene anatchuka ku Britain cha mu 2015, amanena za kudzionetsera kuti ndiwe wabwino pamaso pa anthu popanda kuchitapo kanthu. Kudzionetsera kulipo ndithu, koma vuto la mawuwa n'lakuti amaweruza mtima wa munthu, umene palibe angauone, ndipo woimbidwa mlandu wotere alibe njira yodziyeretsera.

"Woke" ndiye wakula kuposa onse. Pakati pa anthu akuda a ku America mawuwa ankatanthauza kukhala maso, kuzindikira tsankho ndi ngozi zake. Anafalikira dziko lonse mu 2014, apolisi atapha mnyamata wakuda Michael Brown ku Ferguson m'chigawo cha Missouri, pamene gulu la Black Lives Matter linkakula. Patangopita zaka zochepa anasanduka chitonzo, ndipo lero amaponyedwa pa chilichonse: maphunziro a mbiri ya ukapolo, nkhani za jenda, malamulo a zachilengedwe, ngakhale malonda a kampani. Mu 2022 bwanamkubwa wa Florida, Ron DeSantis, anasayinira lamulo lodziwika kuti Stop WOKE Act, loletsa mfundo zina zokhudza mitundu ndi jenda kuphunzitsidwa m'sukulu ndi m'malo antchito. Makhothi anaimitsa mbali zina za lamuloli ponena kuti zikuphwanya ufulu wolankhula. Taonani mmene zinatembenukira: amene ankadandaula kuti akutsekedwa pakamwa anapezeka akugwiritsa ntchito mphamvu za boma kutseka ena pakamwa. Kumapeto kwa chaka chomwecho, pamlandu wina, mlangizi wamkulu wa zamalamulo wa bwanamkubwayo atafunsidwa m'khothi tanthauzo la mawuwa, anayankha kuti ndi chikhulupiriro chakuti m'dziko la America muli kupanda chilungamo kozikika m'kayendetsedwe ka zinthu, ndipo kuyenera kukonzedwa. Ngati tanthauzo ndi limenelo, ndiye kuti mawuwa sakunena za mtopola konse. Akunena za ganizo, limene munthu akhoza kulivomera kapena kulitsutsa mwaulemu. N'chifukwa chake ine sindikulangizani kuwagwiritsa ntchito. Inu mukudana ndi kuopseza, koma womva adzaganiza kuti mukudana ndi kulankhula za tsankho.

"Cancel culture" ndi mawu amene ali pakati, ndipo amafuna kuwasenda bwino. Amanena za khamu, makamaka la pa intaneti, likaunjirira munthu mmodzi chifukwa cha zimene wanena, mpaka achotsedwe ntchito kapena asalidwe. Mu Julayi 2020 magazini ya Harper's inasindikiza kalata yosayinidwa ndi olemba, aphunzitsi a m'mayunivesite ndi atolankhani oposa 150, ambiri mwa iwo ogwirizana ndi zionetsero zotsutsa tsankho za chaka chimenecho, yodandaula kuti anthu ayamba kuopa kulankhula. Barack Obama nayenso, mu Okutobala 2019, anauza achinyamata ku Chicago kuti kungoweruza anzako pa intaneti sikumenyera ufulu ndipo sikusintha kanthu. Choncho dandauloli silichokera mbali imodzi yokha. Koma mkati mwa mawuwa mwalowa zinthu zosiyana zedi. Kudzudzula munthu poyera ndi ufulu. Kunyanyala katundu wa kampani ndi ufulu, ndipo anthu akuda a mumzinda wa Montgomery ku Alabama ananyanyala mabasi kwa chaka chathunthu kuyambira mu Disembala 1955. Wandale amene wadzudzulidwa, n'kupita pa wailesi ya kanema kukalira kuti watsekedwa pakamwa, sanatsekedwe pakamwa. Koma kunamizira munthu, kudula mawu ake kuti amveke mosiyana, kufalitsa malo amene amakhala, kuimbira abwana ake tsiku ndi tsiku chifukwa cha nthabwala imodzi ya zaka khumi zapitazo, kumeneko ndi kuzunza. Ovutika kwambiri sakhala otchuka, amene amakhala ndi maloya ndi otsatira, koma anthu wamba amene palibe amawadziwa mpaka tsiku limene khamu lawagwera.

Pano pali muyeso umene ndimaudalira: kodi mawu amene ndikugwiritsa ntchito ndingawanenenso anthu a mbali yanga akachita zomwezo? Colin Kaepernick, wosewera mpira wa ku America, anayamba kugwada nyimbo ya fuko ikamaimbidwa mu 2016 potsutsa nkhanza za apolisi, ndipo nyengo imeneyo itatha palibe timu inamutenganso. M'zaka za m'ma 1950, nthawi ya senita Joseph McCarthy, anthu ambirimbiri anataya ntchito chifukwa chongoganiziridwa kuti ndi achikomyunizimu. Amene amalira za "cancel culture" koma n'kuombera m'manja zimenezi, sakudana ndi khalidwelo. Akungodana ndi kuti lagwera mnzawo.

Mawu amene ndimawakhulupirira ndi amene ali ndi malire odziwika, ambiri ochokera kwa azamalamulo. "Incitement" ndi kutuma anthu kuchita ziwawa. Khothi lalikulu la America, pamlandu wa Brandenburg ndi boma la Ohio mu 1969, linagamula kuti mawu amasanduka mlandu akakhala ofuna kuyambitsa kuphwanya malamulo nthawi yomweyo, ndiponso ngati angathedi kutero. Mayiko ena ali ndi malire okhwima kuposa amenewa, koma kulikonse pamafunika umboni wa zimene zinanenedwa. "Heckler's veto" ndi pamene okuwiza apambana, msonkhano n'kulephereka kapena apolisi n'kuletsa wolankhula m'malo momuteteza. "Doxxing" ndi kufalitsa dzina, nyumba kapena nambala ya munthu kuti ena akamuvutitse. Kuopseza, kuwononga katundu, kuipitsa mbiri: onsewa ndi mawu amene munthu akawanena tikhoza kumufunsa kuti zinachitika liti, kuti, ndipo anachita ndani.

Ngakhale mawu akuti ziwawa ali ndi malire ake. Pangano la mayiko onse la ufulu wa nzika ndi wa ndale limateteza kusonkhana mwamtendere mu ndime 21. Mu 2020 komiti ya United Nations yoona za ufulu wa anthu inafotokoza kuti kukankhana chabe, kapena kusokoneza kayendedwe ka magalimoto ndi ntchito za tsiku ndi tsiku, si ziwawa, ndiponso kuti anthu ochepa akachita ziwawa mlandu wawo usaikidwe pa onse ochita zionetsero. Izi sizitanthauza kuti kutseka msewu n'kwabwino nthawi zonse. Mayi wothamangira kuchipatala amene watsekeredwa ali ndi dandaulo lenileni, ndipo dziko la Britain linakhwimitsa malamulo ake mu 2023 mpaka kudzimangirira pamsewu kapena panyumba kunasanduka mlandu. Koma kusokoneza ndi kwina, kuwononga ndi kwina, kuvulaza ndi kwina. Mu Okutobala 2022 atsikana awiri a gulu lomenyera zanyengo la Just Stop Oil anathira supu pachithunzi cha wojambula wotchuka Van Gogh ku National Gallery ku London. Chithunzicho chinali kuseri kwa galasi, chimango chake ndiye chinawonongeka, ndipo atsikanawo anadzamangidwa. Munthu akhoza kunena kuti anawononga katundu ndiponso kuti anakwiyitsa anthu amene akanawathandiza, ndipo akhala akunena zoona. Koma ku Germany andale ena atayamba kutcha omenyera zanyengo odzimata pamisewu kuti "Klimaterroristen", kutanthauza zigawenga za zanyengo, gulu la akatswiri a chilankhulo linasankha mawuwo kukhala oipitsitsa a chaka cha 2022. Ndikugwirizana nawo. Tikatcha wotseka msewu chigawenga, tidzasowa dzina lomutcha wophulitsa basi yodzaza anthu, ndipo tidzakhala tapatsa boma chilolezo chochitira woyambayo zoyenera wachiwiriyo.

Ngati mukufuna kugonjetsa omenyera ufulu amtopola pamtsutso, muli ndi chida champhamvu kuposa mayina onsewa, chomwe ndi umboni wakuti ziwawa nthawi zambiri zimawononga cholinga. Erica Chenoweth ndi Maria Stephan anafufuza magulu 323 olimbana ndi maboma kuyambira 1900 mpaka 2006, napeza kuti amtendere anapambana pafupifupi 53 pa 100 alionse, pamene onyamula zida anapambana pafupifupi 26 pa 100. Chifukwa chachikulu n'chakuti gulu lamtendere limakopa anthu ambiri, okalamba, amayi, ogwira ntchito m'boma, ndipo asilikali amavutika kuwombera khamu limene muli abale awo. Omar Wasow, m'kafukufuku wosindikizidwa mu 2020, anapeza kuti zionetsero zamtendere za anthu akuda m'zaka za m'ma 1960 zinkakopa ovota achizungu, pamene zipolowe za 1968 zinawakankhira kwa Richard Nixon, amene ankapikisana nawo paupulezidenti akulonjeza bata. Pofuna chilungamo ndinenenso kuti akatswiri ena, monga Herbert Haines, anaonetsa kuti nthawi zina kupezeka kwa gulu laukali kumachititsa olamulira kumvera gulu lodekha. Nkhaniyi njosatha, koma ndi mtsutso weniweni, wa mfundo, umene womenyera ufulu woona mtima ayenera kuuyankha. Mukamutcha "woke" sayankha kanthu, amangokubwezerani dzina lina.

Ndipo mayina obwezerawo alipo ambiri. Wodzudzula njira za gulu lake amatchedwa wogulidwa, mthirakuwiri, wamantha, kapena "reactionary", mawu a nthawi ya kuukira boma ku France m'zaka za m'ma 1790 oloza wofuna kubwezera zinthu m'mbuyo. Ena amafika pomutcha "fascist", kutanthauza wotsatira ulamuliro wopondereza, munthu amene wangofunsa funso. Mayinawa amagwira ntchito yomweyo: kuchotsa munthu pabwalo asanamvedwe. Ku China, kuyambira mu 1966, achinyamata a Red Guards, gulu lotsatira mtsogoleri wa dzikolo Mao Zedong, ankaimika aphunzitsi awo pagulu atawapachika zikwangwani za mayina otere m'khosi, kuwanyoza ndi kuwamenya, ndipo ambiri anafa. Kumeneko ndiye kumathero a kumenyera nkhani kopanda woletsa, ndipo n'chifukwa chake sindikufuna kuti mukhale chete.

Mwafunsa ngati mungalankhule popanda kuoneka mdani wa ufulu. Sindingakulonjezeni kuti palibe adzakutchani choncho, chifukwa wokwiya samvetsera bwino. Koma mukhoza kulankhula mwa njira yoti wakumva mwachilungamo asakunamizireni. Yambani mwanena pamene mwaima pa nkhani yeniyeniyo, ngati mukugwirizana nayo, kapena mukugwirizana nayo pang'ono, kapena ayi. Kenako tchulani chochitikacho ndi amene anachichita, osati gulu lonse: anthu awa analetsa mlendo kulankhula, uyu anafalitsa nambala ya mayi uja, awa anatentha sitolo ya munthu wosalakwa. Nenani amene wapwetekedwa. Ngati mukutsutsa ganizo lenilenilo, litsutseni poyera monga ganizo, osabisala kumbuyo kwa dandaulo la kalankhulidwe, chifukwa ambiri amene amati vuto lawo ndi ukali wa omenyera ufulu sakanavomera nkhaniyo ngakhale itanenedwa mogwada. Wina akakutchani dzina, mufunseni kuti pa zimene mwanenazo chabodza n'chiti. Ndipo ophunzira anu akabwera ndi mawu amene atola pa intaneti, afunseni kuti munthu akumunenayo anachita chiyani, anaona ndani, ndipo akanamutcha chimodzimodzi akanakhala wa mbali imene iwo amaikonda.